Phazi la Apongozi

Motoka ya Obby inazimanso pa kamtsinje kouma, pakati pa Shikabeta ndi Mpanshya, dzuwa lili pamutu. Kumbuyo kwa pikapuyo, pa matilesi, mkazi wake Jessy anali kubuula atagwira chitsulo cha m'mbali. Nthawi yake yobereka inali itakwana, ndipo azimayi anali atanena kuti mwana wagona mopingasa, ameneyu ndi wa kuchipatala basi. Pambali pake panali mayi ake, ba Estina, akumukupiza ndi chitenje.

Koma vuto la motokali analiyamba ndi Obby yemweyo. Munthu uja safuna kumva petulo akupsa motoka itangoima, Shikabeta yense adziwa. Ndiye dzulo lake anatsegula boneti n'kubweza kasikuluwu ka pa kabureta, kaja kamachititsa injini kulira yokha phazi likachoka pa mafuta. Anachita zimenezi m'mawa, injini ili yozizira, atakoka choko chowonjezera petulo, ndipo inamveka bwino. Lero itatentha, akangochotsa phazi kuti adutse pa dzenje, injini thi! Batire nayo inali yotopa. Akapotokola kiyi inali kukoka ngati nkhalamba yodzuka pa mphasa.

Anatsika, napotokola kasikuluwu mongoganizira, nayesa kuliza. Injini inatsokomola, inalira, n'kufa phazi lisanafike pansi. Obby anadziwa kuti batire yatsala ndi mpweya umodzi. Malowo anali mchenga, kukankha kosatheka.

Njira inali imodzi: kukonza injini ikulira, khutu lili pa kabureta. Koma panafunika munthu woponda mafuta iye ali ku boneti. Anayang'ana msewu uku ndi uku. Ngakhale wa njinga, ayi.

Apa ndiye panali nkhani. Banja la ba Estina linachokera ku Katete ndi mwambo wawo wonse: mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sakhala pafupi, salankhulana. Azimayi a ku chigayo amati tsiku lina Obby anagwera m'chitedze powapatukira apongozi akewo m'njira, n'kukanda mpaka madzulo. Mawu onse anali kudzera mwa Jessy.

Obby anaima kumbali, maso pa tayala.

"Jessy, uwauze amayi kuti ndipempha..."

"Auzeni nokha!" Jessy anakuwa. "Ine ndikufa kuno, inu muli pa ulemu!"

Ba Estina anapukuta mwana wawo pamphumi. Kenako Obby anagwada pamchenga wotenthawo.

"Amayi," anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina, "bwerani kutsogolo mundipondereko mafuta."

Ba Estina anatsika, anamanga chitenje, navula patapata. Analowa cha kumanzere n'kukhala pakati, phewa lawo pafupi kukhudza la mkamwini. Obby anawaonetsa chopondera, naika giya pa fili, napotokola kiyi. Batire inakoka kamodzi, inaima, inakokanso, ndipo injini inagwira.

"Pondani apa! Musachotse!"

Phazi lawo linalowa pamene panachoka lake. Motoka inabangula, chiutsi chakuda bii, mbalame n'kuthawa mu mtengo.

"Pang'ono, amayi! Muphulitsa!"

"Nanga ndidziwa bwanji ine?" anakalipa ba Estina. "Kambani bwino, mwana wanga ali kumbuyoku!"

Obby anathamangira ku boneti. Pa kabureta pali tisikuluwu tiwiri, kena ka liwiro, kena kosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo apa m'pamene anaona kuti poyamba paja, ndi mantha, anagwira kolakwika. Anakabweza pang'onopang'ono mpaka utsi unayera. Thukuta linali kudonthera pa injini n'kumati tswee. Kenako anapita pa ka liwiro.

"Chepetsani phazi. Chepetsaninso."

Injini inayamba kugwedezeka, kufuna kufa. Kumbuyo Jessy anakuwa mokweza kuposa kale, ndipo ba Estina anacheuka.

"Musayang'ane kumbuyo! Pondaniko!"

Anaponda. Obby anapotokola pang'ono, namvetsera, napotokolanso. Kulira kunayamba kusalala.

"Tsopano chotsani phazi lonse."

"Ikazima?"

"Chotsani, amayi."

Ba Estina anatseka maso nachotsa phazi. Injini inatsika, inatsika, boneti ikunjenjemera. Kenako inakhazikika, du du du du, yokha.

Palibe anaseka. Ba Estina anathamangira kumbuyo, patapata n'kutsala pamchenga, ndipo mpaka lero ati zili komweko. Motoka inadutsa maenje onse osazima.

Ku Mpanshya manesi anamulandira Jessy pa khomo pomwe, n'kulowa naye mothamanga. Obby anatsala panja. Anakhala pa bampala, mutu pansi, osakumbuka n'komwe kuti injini ikulira kumbuyo kwake. Mthunzi wa mtengo unasuntha mpaka kumusiya padzuwa, iye osasuntha.

Atamva mapazi anadzuka. Anali ba Estina, opanda nsapato, maso ofiira. Anaima patsogolo pake penipeni.

"Onse awiri ali bwino. Ndi wamkazi," anatero. "Kazimitseni chimotoka chanucho, mumudzutsa mwana."