Ndevu za Athumani ndi Chigoba cha Mphira

Vitorino anamulakwira Athumani m'chaka cha 1993, pamene anthu ankabwerera kwawo kuchokera ku Malawi komwe anathawira nkhondo.

Pa sitesheni ya Entre Lagos ankagawa chimanga ndi mbewu, ndipo panasankhidwa amuna oimitsa anthu pamzere ndi chingwe. Athumani, msodzi wa ku nyanja ya Chiuta, anali mmodzi wa iwo. Bungwe logawa linawabweretsera zida: zigoba za mphira zopumira kukabuka utsi, ndi maradiyo a m'manja. Shefe wawo, mkulu wowalamula, anali Vitorino. Atafika pa Athumani anamugwira ndevu nkuseka, nati chigoba sichimata pa tchire lotere, utsi umalowera m'mbali.

"Kameteni, a Shehe, mudzachipeza mawa."

Ndevuzo zinali zisanaonepo lumo chiyambire kutsogolera mapemphero a swala. Mkazi wake Safiya anamuletsa, koma iye anameta ndithu, ndipo kumzikiti anzake anangoyang'ana pansi. Kutacha, Vitorino anati chigoba chapita kwa Armindo, mlamu wa Vitorino yemweyo, radiyo nayo ikudikira mabatire. Chimene anamupatsa ndi lamulo lokha: asasiye chingwe mpaka atauzidwa.

Sabata yotsatira nyumba yosungira katundu inagwira moto, momwe munalinso mankhwala othira mbewu. Utsi wake unali wachikasu. Anthu anathamangira kukapulumutsa chimanga, amayi ana ali kumsana, ndipo Athumani anakunga chingwe pakhomo, kansalu ali pakamwa. Vitorino analamula pa radiyo kuti onse achokepo. Ovala zigoba anamva nachoka. Athumani analibe chomvera. Amene anamukoka miyendo kumutulutsa mu utsimo ndi amayi omwewo amene ankawatsekereza.

Kuyambira tsikulo chifuwa chake chimalira ngati mvukuto wobooka. Akapalasa pang'ono amatsamira nkhafi, kupuma kukukana, mwakuti bwato lake linaolera m'bango. Anapita ku posto, ofesi ya boma, komwe anamuuza kuti bungwe lija linalongedza kalekale. Anapita kwa Vitorino, amene anamufunsa kuti ndani anamutuma kuima mu utsi ngati chitsa. Athumani anafuna kuyankha kuti ndinu, koma chifuwa chinamutsekereza mawu.

"Ndevu zameratu, bambo. Mukudandaulanso chiyani?" anatero Vitorino, akukwera njinga.

Lero Safiya amayanika matemba a eni ake kuti pakhomo padyedwe. Armindo amapopera thonje lake atavala chigoba chija. Vitorino sanabwereko ngakhale kudzazonda.