Chala cha Amalume Luis

Manja anga sadziwa kukhala chete. Ndikaona laputopu ya munthu, mtima umandiyabwa mpaka nditasintha kenakake. Yanga ndimaisintha nkhope katatu pa sabata, moti anzanga pa boma pa Feira amati ndikadzakwatira, mkaziyo ndizidzamusuntha mphuno Lolemba lililonse.

Loweruka lija Anti Antónia, mkazi wa malemu amalume Luis, anandiitanira ku Mphuka kuti ndikaone chaja ya laputopu imene amalume anawasiyira. Waya unali utangomasuka, ntchito ya mphindi ziwiri. Anti anapita kudimba kukathirira, ine n'kutsala ndekha ndi makinawo.

Amalume anaikamo pulogalamu yoyendetsa makina yotchedwa Linux, poti makina okalamba chonchija sakanasenza china. Koma maonekedwe ake anandipweteka m'maso. Kamuvi ka mausi kanali kakakulu ngati khasu. Tizithunzi todina tinali mbwee, kena m'mwamba, kena pakona, popanda mzere. Kumbuyo kwake kunali chithunzi chopendekeka cha amalume ataima m'bwato lawo, matenda atawadya kale. Ndinachita manyazi m'malo mwawo.

Ndinayamba ndi mtundu, zonse ndinazidetsa bii. Mzere wa pansi ndinaukweza pamwamba. Tizithunzi tija ndinatisesa tonse n'kutibisa m'menyu, kamuvi ndinakachepetsa, amalume ndinawaponya m'bini n'kuikapo mapiri ofiirira a dziko limene sindilidziwa n'komwe. Mtima sunakhale pansi. Ndinasintha zilembo kawiri, n'kubwerera ku zoyamba zija.

Anti anabwera nthawi itatsala pang'ono kukwana thwelofu, akupukuta manja pachitenje. Anati Isabel, mwana wawo yekhayo, wokwatiwa ku Tete, anachira Lachinayi koma movutikira, ndipo mwamuna wake alowa ndi foni m'chipatala masana ano. Oona odwala amapatsidwa theka la ola basi, kuyambira thwelofu. Anti anali asanaone nkhope ya mwana wawo chichirireni, ngakhalenso ya mdzukulu.

Anakhala pampando, n'kuyang'ana mapiri anga aja. Anagwedeza mausi, kamuvi osakaona.

"Bornface, bali kuti bamalume bako?"

Ndinayamba kufotokoza monyada kuti masiku ano zinthu zimakhala m'menyu, munthu umangodina apa n'kuwerenga dzina la chimene ukufuna. Mawu oti kuwerenga anandiuma pakamwa. Anti anakulira m'nkhondo tsidya la Zumbo, m'kalasi sanalowemo.

"Ine sinibelenga, mwana wanga," anatero motsitsa. "Nimakonka chala chabo."

Sindinamve kuti chala chimene amatsatacho n'chiti, koma mantha anandigwira. Ndinatsegula bini uku ndikupemphera kuti ndisakhale nditakhuthula, poti ndili ndi chizolowezi chimenecho. Chithunzi chinalimo. Ndinachibwezera, ndipo popeza pamwamba pake panalibenso kanthu, ndinachiona bwino koyamba. Amalume anali atakweza dzanja lamanja, chala chikuloza kumwamba kopanda kalikonse. Lamanzere linagwira nkhafi yoloza pansi pakona.

Anti anandiuza kuti anajambula ndi iwo, n'chifukwa chake chinapendekeka. Amalume atadziwa kuti masiku awathera, anawatengera kudoko, n'kuima choncho mpaka miyendo kunjenjemera. Pansonga pa chala amalume anaikapo kachithunzi kobiriwira koimbira Isabel. Pansonga pa nkhafi, nyimbo za kutchalitchi.

Nthawi inali itapitirira ndi mphindi khumi. Ndinafukula kachithunzi kobiriwira kaja m'menyu, kanakana kutuluka, poti ndinali nditatseka ndekha kuti pasamakhale kanthu. Ndinadzitukwana chamumtima, n'kutsegulanso. Mphindi khumi ndi zisanu. Ndinakakoka n'kukasiya pamwamba pa mutu wa amalume.

"Sendeza pang'ono," anatero Anti. "Sikanafike pa chala."

Ndinasendeza. Ndinakulitsa kamuvi mpaka kanabwerera pa ukhasu wake. Nditati ndidine, Anti anachotsa dzanja langa pamausi monga amachotsera nkhuku pamphasa ya mapira. Anayendetsa kamuvi okha, kuchokera paphewa la amalume, kutsata mkono, mpaka pachala.

"Zikomo, Luis," anatero, ndipo anadina.

Kunalira katatu. Kenako kamwana kanalira ku Tete, Anti n'kuyamba kuseka misozi ikutsika. Ndinaona kuti wotchi yapakona pa laputopu inali yopendekera kumanzere pang'ono, yofunika kukonza. Ndinakhalira manja anga onse awiri.