Chiwaya cha Mayi Sharifa

Mercy anamva kugogoda asanafike n'komwe pakhomo pake. Anatula beseni la chinangwa chomwe anakavuula kudambo, n'kuzungulira kuseri kwa khitchini. Kumeneko anapeza mwamuna wake Bryson atagwada, akumenya nyama ndi botolo pa thabwa.

"Ada, nyamayo yakulakwirani chiyani? Si inafa kale?"

"Iyenera kupyapyala ngati chikhatho," anayankha Bryson osatukula mutu. "Lero mudya shinitseli, mayi a Miracle."

"Shini chani?"

"Shinitseli. Nyama ya nkhumba yovala jekete la buledi. Kuyenda n'kuona, mayi."

Bryson anali atangobwera kumene kuchokera ku Cape Town, komwe ankagwira ntchito mu lesitilanti ya Mjeremani wina. Iye ankati anali wophika. Anzake a ku Bandawe amene anapita naye ankati ankatsuka mbale. Nkhani imeneyi inkamupweteka, ndipo tsiku limenelo anafuna kuithetsa. Anali atawaitana anzakewo kuti adzalawe okha madzulo.

Mercy anayang'ana pansi. Panali mbale zitatu. Yoyamba inali ndi fulawa, yachiwiri mazira otakasa, yachitatu nyenyeswa za buledi.

"Mazirawa mwawatenga kuti?"

"M'dengu muja."

"Aja ndinasungira nkhuku yanga kuti ifungatire?"

"Iikira ena."

"Nanga buledi?"

"Ndinayanika padenga, ndasinja mumtondo mwanu."

Mercy anayang'ananso nyenyeswa zija. Buledi uja anagulira ana kuti amwere tiyi popita kusukulu. Botolo la mafuta ophikira, lomwe ankalidontheza mosamala ngati mankhwala a m'maso, linali litagona chammbali, lopanda kanthu.

Bryson sanaone nkhope ya mkazi wake. Anathira mchere pa nyama, n'kuigubuduza mu fulawa, kuiviika m'mazira, kenako kuikanikiza m'nyenyeswa mbali zonse. Manja ake ankayenda mwachangu, ndipo Mercy anavomereza mumtima kuti munthuyu sankangotsuka mbale. Nyama itagwera m'mafuta inalira kuti tswaa, fungo n'kukwera mpaka mumtengo wa mango.

Apa m'pamene Mercy anayang'anitsitsa pambaula. Chiwaya chinali chachikulu, chachitsulo chokhuthala, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. Anachidziwa nthawi yomweyo.

"Ada, chiwaya ichi n'cha ndani?"

"Chathu chija n'chaching'ono, komanso n'chopindika pansi. Shinitseli imafuna pamalo posalala."

"Ndafunsa kuti n'cha ndani."

"Cha mayi Sharifa. Ndinakabwereka m'mawa."

Mercy anagwira m'mutu ndi manja onse awiri. Sharifa anali mnansi wawo, Msilamu wochokera ku Nkhotakota. Ankakazinga nsomba n'kumagulitsa pamsewu pa Chintheche, pafupi ndi pomwe maminibasi amaima, ndipo chiwaya chimenecho ndicho chinkadyetsa ana ake. Akazi awiriwa ankabwerekana chilichonse, kuyambira singano mpaka mtondo. Pamene Bryson anali kunja ndipo Miracle anadwala malungo aakulu, Sharifa ndi amene anamubereka kumsana mpaka kuchipatala.

"Munawauza kuti mukakazingira chiyani?"

"Ndinati mayi a Miracle akufuna kukazinga."

"Ine? Mwalowetsamo dzina langa?"

"Aaa, musakulitse nkhani. Titsuka ndi sopo, tikwecha ndi mchenga, tibweza. Adziwa bwanji? Chitsulo sichilankhula."

"Chitsulo sichilankhula, koma fungoli lafika kale kumsika! Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Inu mudya nyama yanu ya jekete, wokagwada pakhomo pa anthu ndine."

Bryson anatembenuza nyama ndi foloko. Mbali yapansi inali itafiira bwino. Anaiyang'ana mosangalala, ndipo izi zinamukwiyitsanso Mercy.

"Ku Cape Town," anayamba motero, "ndinkagwira ntchito ndi Asilamu ambiri, ndipo..."

"Ndipo munkakazinga nkhumba m'ziwaya zawo?"



"Odi kuno!"

Onse awiri anauma. Mawu anali a Sharifa, ndipo ankachokera kumaso kwa nyumba. Bryson anaphula chiwaya msangamsanga, kudziwotcha chala, n'kuchikankhira kuseri kwa mulu wa nkhuni, mafuta akulirabe.

"Auzeni kuti mukutsuka kaye," ananong'ona. "Kapena kuti Miracle wapita nacho kwa agogo ake."

Mercy anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupita kukalandira mlendo.

Sharifa anali ataima pansi pa mtengo, ali ndi beseni lodzaza nsomba za batala pamutu. Anatsitsa beseni lija akupuma mwamphamvu.

"Anzanga, lero mwayi. Asodzi abwera nazo zambiri, ndagula zonse zomwe ndakwanitsa. Mwamaliza nacho chiwaya chija? Ndikufuna ndiyambe dzuwa lisanaziwononge."

Ananunkhiza mpweya, n'kuseka.

"Koma kwanu kuno lero kukununkhira zachilendo. A Bryson abwera ndi zokometsera za ku Joni?"

Mercy anakumbukira mawu a Bryson aja. Bodza linali pafupi kwambiri, ndipo linali losavuta. Anayang'ana nsomba zija, n'kuyang'ananso nkhope ya mnzake yomwe inali ndi thukuta.

"Mayi Sharifa, takhalani pansi. Chiwaya chanu chalowa nkhumba."

Sharifa sanakhale. Kuseka kunachoka pankhope pake pang'onopang'ono.

"Mwati chiyani?"

"Bambo a kuno akazingiramo nyama ya nkhumba. Ine ndinali kudambo, ndachipeza chili kale pamoto. Pepani. Ndilibe mawu ena."

Bryson anatulukira kuseri, akuyamwa chala chake chopsa, malaya ali mbuu ndi fulawa.

"Mayi, pepani, sindinaganize. Koma ndichitsuka ndekha, chiwala ngati chatsopano."

"Simunaganize," anatero Sharifa motsitsa mawu. "Ndiye n'chifukwa chiyani munati akukazinga ndi mayi a Miracle? Munthu wosaganiza sabisa, bambo. Mukanangonena, ndikanakuuzani kuti pitani kwa a Bridget, ali nacho chachikulu, ndipo iwo amadya."

Bryson anayang'ana pansi.

"Kutsuka kumatheka," anapitiriza Sharifa. "Chipembedzo chathu chili ndi katsukidwe kake, sindikana. Koma ine ndimagulitsa kwa anthu otuluka mumzikiti. Amagula osafunsa chifukwa amandidziwa. Mphepo iyi yapita kale ndi fungo m'makomo onsewa. Mawa wina adzati chiwaya cha Sharifa chinali kwa a Bryson tsiku lija. Ndidzamuyankha chiyani? Ndipo ine ndemwe, ndidzadya bwanji za m'menemo?"

"Ndiye titani?" anafunsa Mercy.

"Chisungeni. Chakhala chanu."

Anawerama kuti asenze beseni lake. Mercy anagwira mbali ina.

"Nanga nsombazi?"

"Ndiziwamba. Zowamba sizithamanga pamsewu ngati zokazinga, koma kusiyana n'kuti ziwole."

"Ndikubwera ndidzakuthandizeni kutumbula."

Sharifa anayang'ana manja a Mercy.

"Simunaigwire nyamayo?"

"Ngakhale ndi chala."

"Bwerani. Mpeni musatenge, ndili nawo."

Sharifa atachoka, Mercy anatembenukira mwamuna wake. Sanakweze mawu.

"Ada, valani nsapato. Mukwere minibasi. Mukapanda kuchipeza pa Chintheche, mupite ku Nkhata Bay. Mukachisowa kumeneko, Mzuzu si kumwamba. Chikhale chachikulu ngati chomwechi, chokhuthala, chatsopano."

"Nanga alendo anga? Ndatsala ndi nyama yambiri yosakazinga. Shinitseli imadyedwa yotentha."

"Alendo anu adzapeza nyama ili m'mbale. Akafunsa wophika, ndidzawauza komwe wapita ndi chimene wapitira."

"Mayi a Miracle, mundichititsa manyazi."

"Manyazi mwawakazinga nokha, ine ndikungopakula."

Bryson analowa m'nyumba. Anatuluka atanyamula sipika yake yoimbira nyimbo, yomwe anabwera nayo kuchokera ku Cape Town. Mercy anazindikira kuti akukaigulitsa. Anadziwa kuti mnyamata wometa tsitsi pamsika ankaisirira kuyambira tsiku loyamba.

Masana onse akazi awiriwa anakhala kuseri kwa nyumba ya Sharifa, akutumbula batala n'kumaziyala pawaya, utsi ukuwaliza misozi. Sharifa ankangoti "nkhuni," Mercy n'kupatsira. Dzuwa litapendeka Sharifa anaphika tiyi, n'kumuthirira mnzake.

"Yewo," anathokoza Mercy.

"Mwamuna ndi mwana wamkulu," anatero Sharifa.

Mercy atabwerera kwawo anapeza nyama ziwiri zokha zomwe Bryson anakazinga zitazizira m'mbale. Anali ndi njala. Anafinyira ndimu pa imodzi n'kuluma. Kunja kunali kokhukhuta, mkati mofewa, mchere uli pamlingo wake. Anatafuna mokwiya, n'kumaliza yonse. Anzake a Bryson atafika, anawapatsa inayo kuti agawane. Anakangana polimbirana nyenyeswa, koma mwini wake panalibe kuti amve.

Bryson anafika mawa lake m'mawa, atagona kwa msuweni wake ku Nkhata Bay, chiwaya chatsopano chili paphewa. Anakachipereka yekha, atavula chipewa. Sharifa anachigogoda ndi chala, kuchitembenuza, n'kuchilandira.

Patapita masiku, sefa ya Mercy inang'ambika ali pakati posefa ufa wa kondowole. Anapukuta m'manja n'kuwoloka kupita kwa mnansi wake monga mwa nthawi zonse. Sharifa anamulandira bwino, anafunsa za Miracle, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi sefa, koma asanaipereke anaima pakhomo.

"Mukasefera chiyani, anzanga?"

"Kondowole basi."

"Chabwino."

Anamupatsa. Mercy anayenda kubwerera kwawo sefa ili m'manja. Chikhalireni pamodzi, aka kanali koyamba kufunsidwa.