Chisa cha Dokowe pa Chumuni

Kwa zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikujambula manja a ana. Manja, nsapato, zikwama za kusukulu, nthawi zina nkhongo. Nkhope ayi. Bungwe lathu kuno mumzinda wa Plovdiv limathandiza ana ndi amayi awo pa nkhani za malamulo, ndipo ntchito yanga ndi youza anthu zimene maloya athu amachita popanda kuulula mwana ndi mmodzi yemwe. Dzina timasintha, zaka timasintha, tauni timasintha. Tilinso ndi lamulo la maso anayi: chithunzi sichituluka mu ofesi munthu wachiwiri asanachione n'kusaina kumbuyo kwake. Lamulolo ndinalemba ndine, Nevena, kalekale ofesi yonse ili chipinda chimodzi ndi ketulo yodontha.

Kenaka kunabwera Ralitsa wa kulikulu, ku Sofia. Kamtsikana ka zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, kansangala, kamera yake yolemera kuposa mwini wake. M'miyezi isanu yokha, anthu owerenga tsamba lathu la pa intaneti anachuluka katatu. A wailesi akaimba foni ankafuna Ralitsa. Mayi Dobreva, mkulu wa bungwe, amene ine sanandiyamikepo kupitirira kungogwedeza mutu, anafika ponena pamsonkhano kuti, "Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa." Onse anaseka. Inenso ndinaseka, mano okha.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'choti mtsikanayo analibe choipa. Akanakhala wamwano bwenzi ndikumuda mtima uli m'malo. Koma ayi, m'mawa uliwonse ankandibweretsera banitsa yotentha m'kapepala, chitumbuwa chathu cha kuno cha tchizi m'kati.

"Achemwali, ndakutengerani ya tchizi chambiri, ija mumaikonda."

"Iwe ukufuna ndinenepe kuti ndisamakwane pakhomo, utsale wekha muno."

"Iii, achemwali inu! Ndingatsale ndekha ine? Popanda inu ndine mwana wosochera pamsika."

Ankanenadi zochokera pansi pa mtima, ndipo ine nsanje imangokulirakulira.

Chaka chino Mayi Dobreva anapereka kwa Ralitsa ntchito yaikulu ya mwezi wa Malichi, ija ya zikwangwani ndi mauthenga a pa wailesi. Chiyambireni inali yanga. Anandiuza ali chiimire pakhomo, chikhoti ali nacho kale m'manja: "Nevena, chaka chino upumuleko, uzingomuyang'anira mnzako." Kupumula! Ndani anawauza kuti ndatopa?

Nkhani imene Ralitsa anasankha inali ya mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amene m'zolemba timamutcha Siyana. Iye ndi amayi ake anathawa bambo wankhanza. Khoti linaletsa bamboyo kuwayandikira, koma pepala la khoti siliimitsa galimoto. Chimene chinkawateteza kwenikweni n'choti munthuyo sankadziwa kumene ali. Mwana ndi amayi ake anali atasamuka kanayi m'zaka ziwiri, ndipo m'katauni kena ka m'munsi mwa mapiri ndi m'mene mwanayo anamaliza koyamba teremu yathunthu pasukulu imodzi. Anali atapezanso mnzake wokhala naye pa desiki.

Lachisanu masana ndinapeza chithunzi chili pa tebulo langa ndi kakalata: "Achemwali, maso anu chonde." Kunena zoona chinali chokongola. Timanja tiwiri tikumanga martenitsa panthambi ya mtengo wamaluwa, ulusi wofiira ndi woyera uja timavala padzanja kuyambira pa 1 Malichi mpaka titaona dokowe woyamba. Nkhope panalibe, baji ya sukulu panalibe, dzina la msewu panalibe. Ralitsa anatsata zonse zimene ndinamuphunzitsa. Ndipo kuti woona amvetse chifukwa chimene mwanayo akuvulira ulusi wake, anasiya dokoweyo akuonekera chapatali, ataima m'chisa chake pamwamba pa chumuni yaitali ya njerwa, yopendekera kumanzere, yokhala ndi lamba wachitsulo pakati.

Chumuni imeneyo ndinaizindikira nthawi yomweyo. Mwana wa mumzinda amaona ngati zisa za dokowe n'zofanana zonse. Ife amene tinakulira kumidzi ya m'chigwa timadziwa chisa chilichonse ngati nkhope ya mnansi: cha pa tchalitchi chakuti, cha pa mtengo wa magetsi wa pamphambano, cha pa chumuni yopendekera ya fakitale yakale ija. Aliyense woyendetsa lole mumsewu umenewo angakutchulire tauniyo asanaphethire. Ndinatenga pensulo n'kuzunguliza chumuniyo.

Ralitsa anali pomwepo, masitepe asanu kuchokera pampando wanga, akuseka pa foni ndi munthu wa ku wailesi. Ndikanangoti, "Iwe, tabwera kuno." Akanadula chithunzicho m'mphindi ziwiri, akanandipsompsona patsaya, ndipo Lolemba aliyense akanamuombera m'manja iyeyo. Za pensulo yanga palibe akanadziwa. Ndiye ndinaganiza kuti ndidikire msonkhano wa Lolemba m'mawa, ndikachiike pa tebulo pamaso pa Mayi Dobreva, ndikafunse mofatsa ngati kalumo kakuthwa kaja kamadziwa zisa za dokowe. Ndinadziuza kuti palibe choopsa, poti popanda saini yanga chithunzi sichingatuluke. Ndinachiika m'dirowa, n'kuuza anthu kuti ndikupita kwa dokotala wa mano.

Loweruka lonse ndinakhala ndikukonza mawu anga. Ndinkayeserera ngakhale nkhope yachifundo imene ndidzaonetse.

Lolemba nditalowa mu ofesi ndinapeza kuli zii. Ketulo inali yozizira. Ralitsa anakhala pakona maso ali psuu, ndipo Kaloyan, loya wa Siyana, anali ataima pawindo ndi malaya amene ankaoneka kuti ndi adzulo. Mayi Dobreva ndiwo anandifotokozera. Lachisanu lija, Ralitsa ataona kuti ndachoka, sanafune kundivutitsa ndi dzino langa. Anasindikiza chithunzi china n'kupita nacho kwa Kaloyan kuti akhale maso achiwiri. Kaloyan ndi wa mumzinda wa Varna, wakulira m'nyumba zosanja. Anayang'ana nkhope, baji, dzina la msewu, sanapeze kanthu, n'kusaina. Loweruka m'mawa chithunzi chinali pa intaneti, ndipo anthu anachikonda kwambiri, anachigawana paliponse. Mlamu wake wa bambo uja amayendetsa lole ya mkaka. Lamulungu masana mayi ake a Siyana anaona galimoto imene amaidziwa bwino itaima pafupi ndi sukulu, munthu akufunsa mafunso kwa wogulitsa nyuzipepala.

"Ali bwino?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina.

"Tinawatulutsira khomo lakumbuyo, apolisi anatithandiza," anatero Kaloyan osatembenuka. "Chikwama chimodzi basi. Mwana amafuna akatsanzike mnzake wa pa desiki uja. Ndinamukaniza ndine. M'galimoto sanalire, anangofunsa kuti kumene tikupitako sukulu ayambiranso pati."

Mayi Dobreva anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anatembenuzira kompyuta kwa ine.

"Nevena, tayang'ana. Ukuonapo chiyani?"

"Chumuni," ndinatero.

"Mwaona? Sanathe ndi mphindi yomwe. Zaka khumi ndi zitatu si masewera, anthu inu. Ndinalakwa ndine, ndinathamangira zonyezimira. Kuyambira lero ntchito ya Malichi yabwerera kwa iwe, ndipo chithunzi chilichonse chizidutsa m'manja mwako, osati mwa wina aliyense. A wailesi akaimba uziyankha ndiwe."

Mawu amene ndinawadikira miyezi isanu anali amenewo, onse, osasiyako ndi limodzi. Ndinawalandira nditayang'ana pansi, ndipo iwo anayesa kuti ndi kudzichepetsa.

Msonkhano utatha ndinakakhala pamalo panga. Patapita kanthawi ndinamva mpando ukukokedwa. Anali Ralitsa. Anaika kapepala kamafuta pa tebulo langa. Ngakhale tsiku ngati limenelo anali atakumbukira banitsa, kungoti inali itazizira.

"Achemwali, ndikufunseni. Chija ndinakusiyirani Lachisanu, simunachione?"

Bondo langa linali litatsamira dirowa. M'katimo munali chithunzi chija, chumuni itazunguliridwa bwinobwino ndi pensulo yanga.

"Sindinachione," ndinatero. "Dzino linandisokoneza mutu."

Anagwedeza mutu, misozi n'kuyambiranso. Sanandikayikire ngakhale pang'ono. Anandigwira dzanja, pomwe panali martenitsa yanga, imene anandimanga yekha pa 1 Malichi.

"Ndinadziwa. Ndakhala ndikumuuza Kaloyan kuti tsoka lathu linali dzino limenelo. Mukanangochiona inu, achemwali, bwenzi mwana uja lero ali m'kalasi."

"Bwenzi alidi m'kalasi," ndinatero.