Mafupa m'Dongo la Abiti Yunusu

Anthu amati Fadila anagona ndi mwamuna wina. Bodza lamkunkhuniza! Ine Leah ndinali pompo, nyumba zathu zinayang'anizana kwa Kawinga kuja, ndipo mpaka lero ndikaikumbukira nkhaniyi mtima umandiwira.

Fadila ankakhala pachitengwa kwa apongozi ake, Abiti Yunusu, mayi woumba mbiya wotchuka dera lonselo. Mwamuna wake Uladi anali ku Joni. Tsiku lina Uladi anatumizira mayi ake kapu ya tiyi yoyera mbee, yopyapyala ngati chigoba cha dzira. Mayiwo anabwera nayo kwathu kuti amuna anga a Cephas, omwe amaphunzitsa sayansi pasekondale, aione.

A Cephas nawo akayamba kufotokoza saleka. Anaikweza kudzuwa, zala zawo n'kumaonekera kuseri kwake. Anaigogoda ndi chikhadabo, inalira kuti ngwee.

"Amayi, iyi aumba ndi mafupa a ng'ombe," anatero. "Amawatentha mpaka ayere, n'kuwapera. Theka ndi phulusa limenelo, theka linalo ndi dothi loyera ndi mwala wina wopera. Koma nkhani yagona pa moto. Ng'anjo yake imatentha mpaka mwala uja kusungunuka n'kumata zonse ngati galasi. Moto wa makungwa sungafikeko olo pang'ono."

Abiti Yunusu anangomva za mafupazo. Za moto zinalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Ndinawaona ndi maso angawa akubwera ndi thumba la mafupa kuchokera kwa abucha, akuwawotcha kuseri kwa khola, akuwasinja mumtondo. Nditawafunsa anati n'chakudya cha nkhuku. Nkhuku zake ziti, poti chitopa chinali chitasesa zonse?

Anaumba mitsuko, nkhali ndi miphika yambirimbiri, yotuwa modabwitsa, n'kumauza amayi anzawo kuti chaka chino aona zachilendo. Tsiku lowotcha, Fadila ndiye anatuta makungwa ndi udzu mpaka khosi kuuma. Moto utazilala, kalanga ine! Ina inang'aluka, ina ukangoigwira inkanyenyeka m'manja ngati chigumu chogonetsa. Sipanapulumuke ndi umodzi womwe.

Amayi obwera kudzaona zachilendo aja anangoti kukamwa yasa. Tsono kumeneko amakhulupirira kuti mkazi amene wagona ndi mwamuna ndi wotentha, akayandikira moto wa mbiya, mbiyazo zimasweka. Ndinaona Abiti Yunusu akuyang'ana mapale, akuyang'ana anthu, kenako maso awo anakatera pa mpongozi wawo.

"Ine mwamuna ndinaika m'manda kalekale," anatero pang'onopang'ono. "Mwana wanga ali ku Joni. Nanga iwe Fadila, wakutenthetsa ndani?"

Fadila anagwada pamakala ozizirawo. "Wallahi amayi, sindinachite kanthu."

Ine zinandikwana. "Iyayi amayi, musamunamizire mwana. Si mafupa aja munathira m'dongo?"

"Mafupa? Ine?" Anaomba m'manja. "Ndinayamba kuumba inu musanabadwe, mayi aphunzitsi. Za kuno mumazidziwa inu a m'tauni?"

Amayi aja anaseka, ine n'kusanduka wamisala. Ndinathamangira kunyumba kukatenga a Cephas kuti akanene zomwe ananena tsiku lija. Akuti iwo ndi alendo, za m'banja la eni salowerera. Ndinachita nawo manyazi amuna angawo, sindibisa. Pomwe ndinkabwerera n'kuti mapale onse atatayidwa kale m'chimbudzi.

Uladi sanafunse n'komwe. Anamva za mayi ake, n'kupereka talaka pafoni, ukwati kuthera pomwepo. Fadila anamanga zovala m'chitenje, kubereka mwana wake kumbuyo, ulendo wa kwawo ku Utale. Mayi ake anamulandira bwino, nati iwo mwana wawo amamudziwa, sangachite zimenezo.

Sipanapite nthawi, Abiti Yunusu anaumbanso, ulendo uno ndi dongo lokhalokha la kudambo monga ankachitira kale. Zonse zinapsa bwinobwino. Anakaziyala pamsika, ndipo aliyense wodutsa ankamuitana, wogula ndi wosagula yemwe.

"Mwaona? Wachoka uja, palibe yosweka."

Nkhanza ngati zimenezo sindinazionepo. Ankadziwa chomwe anachita, koma ankanena akumwetulira. Ndipo nkhani yoipa sisowa woinyamula, inakafika ku Utale.

Nditapita ku Balaka kukaona abale, ndinakwera kabaza kukamuzonda Fadila. Ndinamupeza ataonda, akuphika nyemba, mayi ake akusenda chinangwa chapafupi. Kumeneko amati mkazi wachigololo akathira mchere m'ndiwo, ana odya ndiwozo amatupa. Nyemba zitapsa, Fadila anatambasula dzanja kuti atenge mchere. Mayi ake anadzambatuka n'kumulanda kambale ka mchereko, osamuyang'ana kumaso.

"Siya, ndithira ndekha," anatero. "Pano pali ana."