Kupereka Mkamwini

Bambo Selwyn Caruth anayamba kuphunzira Chijeremani atapuma kale pantchito, ndipo sichinali chikondi cha sukulu ayi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Shevonne, anali atapeza mwamuna wa ku Germany dzina lake Torsten, yemwe ankaphunzitsa alendo kumira m'nyanja ku Speyside, pachilumba chawo cha Tobago. Aliyense pachilumbapo ankadziwa kuti ukwati wotere umathera pabwalo la ndege. Bambo Caruth sanamufunse mwanayo, poopa yankho. Anangotsimikiza mtima kuti ngati akupitadi, amupereka okha m'chinenero cha eni akewo, asaoneke ngati munthu wolandidwa.

Kalasi inkakumana Loweruka m'mawa kuseri kwa tchalitchi ku Scarborough, ndipo inkadzaza ndi oyendetsa matakisi. Mphunzitsi wake, Mayi Ottley, anakhalako ku Bremen, m'dziko la Germany, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo.

"Chingerezi chinakupatsani ulesi," ankatero. "Inu 'iwe' wanu ndi mmodzimodzi. Kumeneko ayi. Dir ndi iwe wolandira, dich ndi iwe woperekedwa. Mit amayenda ndi dir, für amayenda ndi dich, ndipo musandifunse chifukwa."

"Nanga auf, amayi?" anafunsa Fitzroy, woyendetsa takisi wapakamwa kuposa onse.

"Ameneyo ndi wamitala. Ukamapita pachilumba, auf die Insel. Ukakhala pompo, auf der Insel."

"Ndiye nchifukwa chake Ajeremani amachedwa kutsika takisi! Amakhala akusinkhasinkha ngati afika kapena akadali paulendo."

Bambo Caruth sankaseka nawo. Ankaloweza chiganizo chawo chimodzi choperekera mwana posamba, pometa ndevu, ngakhale podyetsa nkhuku.

Masana a tsiku la ukwati, anthu atakhuta nkhanu, Bambo Caruth anaimirira. Atayang'ana mkamwini, malamulo onse a Mayi Ottley anasakanikirana m'mutu ngati nyemba ndi mchenga.

"Torsten," anatero, "ich gebe dich meiner Tochter."

Bambo a Torsten, a Ulbrich, omwe anali asanalolepo cholakwika kudutsa pamaso pawo chibadwire, anakweza chala.

"Pepani asewere, kakang'ono chabe. Mwanena kuti mukupereka mwana wanga kwa mwana wanu. Mumafuna kunena kuti dir."

"Akulu, mwapereka mbuzi ya eni!" anakuwa Fitzroy, tebulo la amatakisi lonse nkufa ndi phwete. Mayi Ottley anayamba kufufuza chinachake m'mbale yawo.

"Asiyeni, sanaphonye," anatero Shevonne ataimirira. "Adadi, Torsten wagula boti ku Speyside. Sitikupita kulikonse ife. Inunso, miyezi yonseyi kumalankhula Chijeremani ndi nkhuku, osangondifunsa?"

Bambo Caruth anakhala pansi. Anakonza mpeni ndi foloko zomwe zinali zowongoka kale. Kenako anaona kuti chala cha a Ulbrich chikadali m'mwamba, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene nkhaniyo akuimva koyamba. Torsten ankayang'ana nsapato zake.

Bambo Caruth anawamvetsa bwino anzawowo, mwina kuposa aliyense pamenepo. Anatenga botolo la mowa wa ramu nkuwathirira mowolowa manja, tambula kutsala pang'ono kusefukira.

"Tsitsani dzanjalo, asewere, mumwe," anatero motsitsa mawu. "Kuno kulibe chisanu. Ndipo kunyumba kwanga kuli chipinda chongokhala."