Chambo cha Pansi pa Tebulo

Ndagi! Inu amene mukuwerenganu, yankhani, musayang'ane kumbali. Ndili ndi mayi wina, ana ake atatu amakhala m'kamwa mwake, anawonso ali ndi tiana tawo m'kamwa. Sasambira, madzi amawaopa, chakudya amayamwa kukhoma. Ndani ameneyo?

Mwati chambo? Mwagwa nayo. Chambo chimasungadi ana m'kamwa, koma munachionapo chambo choopa madzi? Ng'ombe yanga mundisungire, ndidzatenga pa Idi. Khalani pansi ndikuuzeni.

Ine ndine Abiti Bilal. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, tsiku limene aphunzitsi anandipeza ndikuwotcha ziwala kuseri kwa kalasi. Ndimasesa pa ofesi ya bungwe lina la asodzi pa Mangochi boma. Bungwelo limatumiza uthenga pa mafoni a asodzi, kuyambira ku Lungwena mpaka ku Nkope, mwera ukamabwera. Kompyuta yotumiza uthengayo inali imodzi, ndipo tsiku lina inafa mwera uli m'njira. Maboti awiri anagudubuzika. Anthu anapulumuka, makoka anapita. Akomiti anati basi, tikufuna makompyuta atatu ogwirizana, ina ikafa zinzake zizisenza katundu.

Ntchito yoyesa zimenezi anapatsa Zakia, mwana wa malemu mchimwene wanga, amene ndinalera ndekha ndi ndalama za zitumbuwa. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Anamulemba moyeserera miyezi isanu ndi umodzi, ati zikatheka, mpando wa woyang'anira makompyuta ndi wake.

Pansi pa tebulo lake panali mabokosi atatu a makompyuta akale. Awiri anali akufa. Zakia anawatumbula, anachotsamo zonse zamoyo n'kuzilonga m'lachitatu, awiriwo anatsala zigoba.

"Azakhali," anandiuza, "akomiti sangagule atatu atsopano tisanayese. Ndiye atatuwo ndiwamanga m'kati mwa imodzi yomweyi. M'kati mwa iliyonse ndiikamonso tina ting'onoting'ono, totumiza uthenga."

"Iwe mwana, ku Blantyre unkaphunzira sukulu kapena ufiti?"

"Ndi ongoyerekezera, azakhali. Iliyonse imadziona ngati kompyuta yeniyeni, sidziwa kuti ili m'mimba mwa inzake."

Dzina lake anati ndi kilasita. Ine ndinkangoti chambo ndi ana ake.

Anavutika mwana uja. Ana atatuwo anadzuka bwinobwino, koma zidzukulu zinakana kwa milungu iwiri, mpaka anapeza pamene mayi wawo ankaletsa ana ake kubereka. Zitadzuka, zonse zinkayenda ngati kamba, poti zinkalimbirana mbale imodzi. Magetsi akathima ankayambiranso, ndipo kudzutsa kwake kunali ndi mwambo: mayi poyamba, kenako ana mmodzimmodzi, zidzukulu pomaliza. Ukasokoneza ndondomeko, ana amakangana kuti wamkulu ndani, ntchito n'kuima. Ndinati bola, ndiye kuti ndi anthu enieni.

Tsiku lina masana anandiitana. Pa sikilini panali timadontho titatu tobiriwira. "Ndikupha mwana mmodzi, onani." Anadina, kadontho kamodzi kanafiira. Foni yanga yamabatani inalira m'chitenje: uthenga wafika ndithu, awiri otsalawo asenza. Ndinavina ndi tsache m'manja.

Kuvina kwanga kunathera pomwepo. Sabata yotsatira kunatulukira Jaffalie, mwana wa mlongo wawo wa bwana Sadik, manejala wathu. Anachokera ku Joni, nsapato zosongoka, mafuta onunkhira oti ntchentche zinkakomoka pakhomo. Miyezi ya Zakia itakwana, anamupatsa kalata ya zikomo kwambiri. Pa lipoti limene analemba yekha, dzina lake linasowa, panamera la Jaffalie.

Tsiku lotsanzika, mwana wanga anayesabe ulemu. "Achimwene, bwerani ndikuonetseni mmene ndinamangira."

"Chemwali, ine ku Joni ndinkayendetsa makina odzaza nyumba yonse. Izi ndi zidole."

Zakia anamusiyira pepala la malangizo. Ndinalipeza m'bini m'mawa mwake, atapukutira nsapato.

Zakia anapita ku Lungwena kwa amayi ake aang'ono, kukayanika usipa pa thandala. Manja amene anadzutsa zidzukulu za chambo aja, akutembenuza usipa padzuwa. Ankanditumizira m'majumbo kuti ndimugulitsire kuno ku boma. Bwana Sadik analetsa malonda pa ofesi, ndiye ndinasowa pobisa. Kenako ndinakumbukira zigoba ziwiri zija. Mphaka salowamo, ndipo munthu wa suti sagwada pansi pa tebulo. Fungo? Ofesi ya asodzi, mukufuna inunkhire chiyani?

Linafika tsiku loonetsa akomiti. Jaffalie anandilamula, "Amayi inu, kwezani makina anga atatuwo patebulo, muwapukute, mulumikize nthambo zonse."

Makina ake atatu. Anaona mabokosi atatu, pa sikilini madontho atatu, iye n'kuwerengera kuti zakwana. Ndikanatha kulankhula. Mulungu andikhululukire, ndinatsegula pakamwa, kenako ndinakumbukira pepala la m'bini lija. Ndinapukuta mabokosi onse mpaka kuwala, ndinalumikiza nthambo mwaulemu, n'kukaima pakhomo ndi tsache langa.

Akomiti anakhala pa benchi, eni maboti okhaokha. Patsogolo panali wapampando, Che Nasir, amene boti lawo linali limodzi mwa awiri anagudubuzika aja.

"Mabwana," anayamba Jaffalie, "makina atatuwa ndamanga ndi manja angawa, masabata atatu osapuma. Ili likung'ung'udzali ndilo likugwira ntchito. Awiriwa ali chete, akudikira ngati asilikali. Ena akanakuonetsani podina-dina pa sikilini, zachibwana. Ine ndichita zenizeni."

"Mwanawe, usafulumire," anatero Che Nasir. "Ukutanthauza kuti ukalipha limenelo uthenga ubwerabe?"

"Musanamalize kuphethira, Che Nasir. Tulutsani foni."

Anagwira nthambo ya bokosi long'ung'udza lija, anayang'ana anthu onse, n'kuizula. Anapha mayi, ana ndi zidzukulu, mtundu wonse pa kamodzi. Sikilini inada bii.

Che Nasir anayang'ana foni. Anaphethira. Anaphethiranso, dala, kangapo.

"Zimatenga kamphindi," anatero Jaffalie.

Kamphindi kanakula, kanamera mano. Bwana Sadik anayamba kupukuta thukuta ndi kofia. Jaffalie anabwezera nthambo, bokosi linang'ung'udza, koma madontho onse anali ofiira. Anadina apa, anadina apo, ana anadzuka mosokonekera n'kuyamba kukangana monga ananenera Zakia.

"Vuto lili mwa awiriwa," anatero Jaffalie. "Amayi osesawa agwedeza waya m'kati. Nditsegula muone."

"Tsegulani, bambo," ndinatero. "Munamanga ndinu, mukudziwa zili m'menemo."

Anamasula chitseko cha m'mbali. Jumbo inang'ambika, usipa unakhuthukira patebulo, wina pa nsapato zosongoka zija. Anatsegula linalo. Usipanso, ndi mbale yanga yoyezera.

Che Nasir anatola kamodzi, anakanunkhiza, anakaluma.

"Wa ku Lungwena uyu," anatero. "Wauma bwino. Abiti, anayanika ndani?"

"Amene anamanga chambo chimene chaphedwachi, Che Nasir. Onse atatu anali m'mimba mwa limodzi. Mwana wanga anawasiyira pepala la malangizo, iwo anapukutira nsapato."

Che Nasir anatembenukira kwa bwana Sadik. "Mawa mwanayo akhale pano."

Musaombe m'manja. Zakia anabweradi, anadzutsa banja lonse tiyi asanazizire. Koma pa kalata yake bwana Sadik analemba kuti wothandizira, poti mpando unali utasainidwa kale, ndipo mbale wa bwana sagwa, amangotsetsereka. Ine anandichenjeza ndi kalata chifukwa cha malonda. Kalatayo sindinaiwerenge, mukudziwa kale za Sitandade 2.

Koma tsiku lija, tisanadziwe zonsezi, nkhalamba ina ya ku Nkope inadzuka pa benchi, inaloza mulu wa usipa n'kufunsa mwaulemu wonse, "Achimwene a ku Joni, pepani, ife sukulu sitinapite. Asilikali anuwa, akadzuka amatumiza uthenga ali owuma chonchi, kapena tiyambe tawaviika m'madzi?"

Benchi yonse inagwa ndi phwete. Che Nasir anatsamwa ndi kausipa kaja, misozi ili mbwembwembwe. Jaffalie anatuluka osatsanzika, kausipa kamodzi katakodwa pa chingwe cha nsapato, ndipo kanamuperekeza mpaka kumsewu.